Kuphunzira Direito pa yunivesite ya boma: mpikisano wolowera ndi ntchito zimene zimadikira mwana wa ku Tete

Mukafunsa ana a 12ª classe a gulu la Letras ku Ulónguè, ku Furancungo, ku Zóbuè kapena mumzinda wa Tete kuti akufuna kudzaphunzira chiyani, simupita patali musanamve wina akuti Direito, maphunziro a zamalamulo. Makolo nawo amasekerera, poti m'maganizo mwawo aona kale advogado wovala mkanjo wakuda, kapena juiz amene anthu onse amaimirira akamalowa. Chikhumbo chimenechi n'chabwino ndipo chigawo chathu chikusowadi anthu odziwa malamulo. Koma mabanja ambiri amakonzekera chipata chimodzi chokha, cha mayeso olowera, osadziwa kuti kutsogolo kuli china chimene chimaimitsa anthu ambiri amene ali kale ndi digiri m'manja.

Tiyambe ndi komwe kuli sukuluzo. Faculdade de Direito yakale kwambiri m'dziko muno ndi ya Universidade Eduardo Mondlane, UEM, ku Maputo, mtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Tete. Yunivesite ina ya boma imene ana athu amaiganizira ndi UniZambeze, imene inayamba kuphunzitsa mu 2009. Yunivesiteyi ili ndi nthambi m'chigawo chathu, ya zaumoyo mumzinda wa Tete ndi ya zaulimi ku Ulónguè, koma zamalamulo zili kulikulu lake ku Beira, pafupifupi makilomita 600 kuchokera ku Tete. Ndiye kuti mwana wa ku Angónia atha kumadutsa pageti la yunivesite tsiku lililonse popita kumsika, koma akafuna Direito ayenera kulongedza chikwama n'kukakhala kwa eni zaka zinayi.

Chifukwa chimene akuluakulu amaonera digiri imeneyi ngati ntchito yopezekeratu chili m'mbiri. Mu 1983 boma la Samora Machel linatseka Faculdade de Direito ya UEM, ndipo inatsegulidwanso mu 1987. Panthawiyo inali sukulu yokhayo ya zamalamulo m'dziko lonse. Malamulo aakulu a dziko a 1990 atabweretsa zipani zambiri ndi malonda omasuka, kenako nkhondo n'kutha mu 1992, dziko linapezeka likufuna oweruza, oimira boma pamilandu ndi maloya ochuluka pomwe ophunzira bwino anali owerengeka. Amene ankamaliza m'zaka zimenezo ankalimbiraniridwa. Kuyambira cha m'ma 1995 ndi 1996 mayunivesite omwe si a boma, monga Universidade Católica de Moçambique, anayamba kutsegulidwa, ndipo lero masukulu ophunzitsa Direito achuluka, chifukwa kosi imeneyi sifuna labotale kapena makina okwera mtengo. Chaka chilichonse kukutuluka achinyamata ambiri a digiri yofanana. Chithunzi chimene bambo ndi mayi ali nacho n'cha zaka 30 zapitazo, ndipo mwana akapanda kuuzidwa zimenezi adzazimva mochedwa.

Mmene malo amagawidwira

Chaka chilichonse yunivesite imatulutsa edital, chikalata chofotokoza makosi, chiwerengero cha mavaga (malo a ophunzira) pa kosi iliyonse, maphunziro olembedwa pa mayeso, masiku olembetsera ndi ndalama zolipira. Chikalata chimenechi chiyenera kuwerengedwa chonse ndi mwana yemwe, chifukwa zina zimasintha chaka ndi chaka ndipo zimene ananena msuweni amene analemba zaka zitatu zapitazo mwina zinatha ntchito. Mayeso amalembedwa m'zigawo zonse, choncho sipafunika kupita ku Maputo kukalemba. Komabe kwa mwana wa ku Tsangano kapena ku Chifunde, kufika pamalo olembera kumafuna ndalama ya chapa, pogona ndi chakudya cha masiku angapo, ndipo nthawi yake imakumana ndi dzinja, pamene kunyumba ndalama yonse yapita ku feteleza.

Ku UEM m'zaka zaposachedwa olembetsa akhala akupitirira 20,000 pomwe malo a makosi onse ali cha m'ma 5,000, ndipo Direito imakhala m'gulu la makosi olimbiraniridwa kwambiri pamodzi ndi Medicina. Chimene chimasokoneza makolo ndi ichi: kusukulu ya sekondale tinazolowera kuti wopeza 10 mwa 20 wakhoza. Pa exame de admissão zinthu sizili choncho. Olemba amandandalikidwa kuyambira wopeza malikisi ambiri kutsika m'munsi, ndipo mzere umadulidwa pamene mavaga athera. Tiyerekeze kuti kosi ili ndi malo 80 ndipo olemba ndi 1,600. Mwana amene wapeza 13 atha kutsala ngati anzake 80 apeza kuposa pamenepo, ndipo chaka china mayeso atavuta, wa 12 atha kulowa. Choncho pauta ikatuluka dzina la mwana n'kupezeka pa "não admitido", sizikutanthauza kuti ndi mbuli kapena kuti ankasewera. Ndaonapo makolo akukalipira mwana pa chinthu chimenechi, ndipo zimandiwawa, chifukwa mwanayo ankapikisana ndi anzake ochokera ku masukulu a ku Maputo amene akhala pa explicação chaka chathunthu akubwereza mapepala a mayeso akale.

Palinso kusiyana kwa laboral ndi pós-laboral. Laboral ndi maphunziro a masana, otsika mtengo kwambiri, ndipo ndi amene aliyense amawathamangira. Pós-laboral ndi a madzulo, okonzedwera anthu apantchito, ndipo amalipiridwa propina mwezi ndi mwezi. Banja likamasankha pós-laboral pofuna kuzemba mpikisano liyenera kuwerengera propina ija pamodzi ndi lendi ndi chakudya cha ku Beira kapena ku Maputo, kwa zaka zonse zinayi, osati chaka choyamba chokha. Mabolsa alipo, a yunivesite yomweyo ndi a Instituto de Bolsas de Estudo, koma ndi ochepa ndipo ali ndi masiku awoawo ofunsira amene ambiri amawaphonya.

Chipwitikizi ndiye mpikisano weniweni

Wofuna Direito ku UEM amalemba Português ndi História. Apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene ana athu ambiri amagwera, ndipo amagwa asanalowe n'komwe m'chipinda cha mayeso.

Kalembera wa 2017 anasonyeza kuti anthu pafupifupi 17 mwa 100 alionse m'dziko muno ndi amene Chipwitikizi ndi chiyankhulo chawo chobadwa nacho, ndipo ambiri mwa iwo ali m'mizinda ikuluikulu. Mwana wa ku Domué kapena ku Macanga amakumana ndi Chipwitikizi m'kalasi basi. Kunyumba, kumunda, kutchalitchi ndi pawailesi imene banja limamvera, zonse ndi Chichewa. Akhoza kumaliza 12ª classe ali ndi malikisi abwino chifukwa choloweza zimene aphunzitsi analemba pabolodi, koma mayeso olowera amamupatsa nkhani yaitali imene sanaionepo n'kumufunsa kuti wolemba ankatanthauza chiyani. Pansi pake pali mayankho angapo oti asankhepo limodzi, ndipo awiri mwa iwo amasiyana pa kamawu kamodzi, mwina "embora" pamene pena pali "porque". Mwana amene anakula akuwerenga nyuzipepala amaona kusiyanako nthawi yomweyo. Wathu amawerenga kawiri, katatu, nthawi n'kumapita.

História nayo ndi Chipwitikizi chomwecho chitavala malaya ena. Chodabwitsa n'chakuti mbali yaikulu ya mbiri imene imafunsidwa inachitikira pakhomo pathu: maufumu a Amaravi a Kalonga, Undi ndi Lundu, maprazo a m'chigwa cha Zambezi, kubwera kwa Angoni, kuukira kwa ku Báruè mu 1917, kumangidwa kwa Cahora Bassa, kuphedwa kwa anthu ku Wiriyamu mu 1972. Mwana wa kuno anamvapo zina mwa zimenezi kwa agogo ake. Koma pepala silifunsa ngati unamvapo za Undi. Limafunsa mmene malonda a minyanga ya njovu anasinthira mphamvu za mafumu, ndipo limafunsa m'mawu a m'mabuku. Pamwamba pa apo pali mbiri ya Africa ndi ya dziko lonse, kuyambira msonkhano wa ku Berlin wa 1884 mpaka 1885 kufikira nkhondo ziwiri zikuluzikulu.

Maganizo anga ndi akuti mwana wofuna Direito ayambe kukonzekera ali mu 10ª classe, ndipo kukonzekerako ndi kuwerenga: buku lililonse la Chipwitikizi limene angalipeze, nyuzipepala yakale, nkhani za pa intaneti, tsiku lililonse, kenako n'kulemba m'mawu ake zimene wamva. Mapepala a mayeso akale ndi ofunika ndipo amapezeka, koma miyezi iwiri ya mapepala singabweze zaka khumi zosawerenga. Sindikunena kuti Chichewa ndiye chikulepheretsa ana. Chigawo chathu ndi chimodzi mwa ziwiri kumene boma linayesera koyamba kuphunzitsa ana m'chiyankhulo chawo, pakati pa 1993 ndi 1997, Chinyanja kuno ndi Chichangana ku Gaza, ndipo mwana amene wadziwa bwino kuwerenga m'chiyankhulo cha mayi ake savutika kusamutsira lusolo ku china. Chimene chikusowa m'midzi yathu ndi mabuku.

Akalowa, Chipwitikizi chimalimbanso kuposa pamenepo. Malamulo athu anachokera ku mwambo wa ku Portugal, wa malamulo olembedwa m'makodigo. Código Civil imene tikugwiritsa ntchito mpaka lero ndi ya 1966, ngakhale mbali zina monga za banja zinalowedwa m'malo ndi malamulo atsopano. Ziganizo zake n'zazitali, mawu ake ena ndi Achilatini, ndipo ophunzira ambiri amabwereza makadeira a chaka choyamba chifukwa cha kalembedweko.

Digiri ili m'manja, kenako chiyani?

Munthu amene wamaliza licenciatura ya Direito ndi jurista. Sali advogado, sali juiz, sali procurador (woimira boma pamilandu). Dzina lililonse mwa amenewa lili ndi njira yake, ndipo iliyonse ili ndi mayeso ake.

Wofuna kukhala advogado ayenera kulembetsa ku Ordem dos Advogados de Moçambique, bungwe la maloya limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1994. Amayamba ngati advogado estagiário, pansi pa patrono, loya wachikulire pantchitoyo amene wavomera kumuphunzitsa muofesi yake. Estágio imatenga nthawi yoposa chaka ndipo pamapeto pake pali mayeso a dziko lonse a Ordem. Apa ndi pamene mwana wa mlimi amaona kuti digiri sinafafanize kusiyana kwa mabanja. Patrono amafunika kumupeza wekha. Maloya ambiri a m'dziko muno ali ku Maputo, ena ku Beira ndi ku Nampula, ndipo ku Tete maofesi ndi ochepa, pafupifupi onse ali mumzinda. Palibenso chitsimikizo choti estagiário azilandira malipiro okwanira kukhalira moyo. Mwana amene amalume ake ndi advogado amalowa muofesi sabata yotsatira. Wina amayendayenda ndi mapepala m'envulopu miyezi ingapo, uku kumudzi akufunsa kuti kodi waloya uja ayamba liti kutumiza ndalama, poti ng'ombe zinagulitsidwa. N'chifukwa chake ndimauza ophunzira kuti ayambe kufunafuna patrono ali m'chaka chachitatu, kudzera mwa aphunzitsi awo, amene ambiri ndi maloya kapena oweruza.

Njira ya juiz ndi procurador imadutsa ku Centro de Formação Jurídica e Judiciária, CFJJ, ku Matola. Kumeneko kumalowedwa pa concurso, imene imatsegulidwa boma likakhala ndi malo ndi ndalama zolembera anthu, ndipo olembetsa ndi onse a digiri ochokera m'mayunivesite onse, a boma ndi omwe si a boma, atsopano ndi amene akhala akudikira zaka. Mpikisano wake sutsika poyerekeza ndi wolowera ku yunivesite. Wopambana amaphunzitsidwa kenako n'kutumizidwa ku distrito iliyonse ya dziko lino, osati kwawo ayi. Wa ku Angónia atha kukayambira ku Niassa kapena ku Inhambane. Ubwino wake n'ngwakuti ntchitoyi ndi yokhazikika ndipo kuyambira kwake sikudalira kukhala ndi wachibale wa ofesi ya maloya.

Palinso ntchito zimene achinyamata amazipeputsa. Conservador ndi notário ndi amene amasunga kaundula wa kubadwa, maukwati, imfa, nyumba ndi makampani, ndi kutsimikizira zikalata. Pulezidenti Daniel Chapo, amene anaphunzira Direito ku UEM, anagwirapo ntchito ya conservador ku Nacala asanakhale administrador wa distrito, kenako governador wa Inhambane. Palinso majurista a m'maofesi a boma, m'makhonsolo a mizinda ngati Tete, Moatize ndi Ulónguè, m'mabanki ndi m'mabungwe othandiza anthu.

Ndipo pali IPAJ, Instituto do Patrocínio e Assistência Jurídica, bungwe la boma limene nalonso linakhazikitsidwa mu 1994 kuti liziimira pamilandu anthu osauka amene sangathe kulipira loya. Ntchito yake ndi yambiri, ulemerero wake ndi wochepa, koma kwa anthu a m'madistrito athu ndi pamene lamulo limafika pafupi.

Zimene Tete ikufuna

Lowani m'bwalo la milandu la distrito tsiku lozenga mlandu wa munda. Mayi wachikulire waimirira kutsogolo, chitenje chili m'mapewa. Akufotokoza kuti munda uja anaulandira kwa mayi ake, amene anaulandira kwa mayi awo, ndipo amene amayang'anira mbumba yonse ndi mlongo wake, mwini mbumba. Womasulira akutembenuzira ku Chipwitikizi mwachidule, n'kungoti "tio". Juiz, amene mwina anakulira kummwera kumene chuma chimatsata kuchimuna, akulemba. Mayi uja wayankhula mphindi zisanu, womasulira wanena ziganizo zitatu. Palibe amene wanama, komabe gawo lalikulu la mlandu latayikira panjira. M'mabwalo athu mumakhala oweruza osankhidwa kuchokera kwa anthu wamba, majuiz eleito, amene amadziwa chiyankhulo ndi mwambo wa deralo, ndipo amathandiza. Koma woimira mayiyo akakhala kuti wamva yekha zonse zimene wanena, ndipo akudziwanso kuti Lei de Terras ya 1997, lamulo la za malo, imavomereza ufulu wa munthu amene akugwiritsa ntchito malo motsata mwambo ngakhale alibe pepala la DUAT, chilolezo cha boma chogwiritsira ntchito malo, ndiponso kuti umboni wa pakamwa wa anthu a m'deralo umalandiridwa, mlandu umayenda mosiyana.

Malamulo aakulu a dziko a 2004 amanena m'ndime 10 kuti Chipwitikizi ndiye chiyankhulo cha boma, koma m'ndime 4 amavomerezanso kuti m'dziko muno muli njira zosiyanasiyana zothetsera mikangano, bola zisatsutsane ndi malamulo aakuluwo. Ndiye kuti bwalo la mfumu, tribunal comunitário ndi bwalo la distrito zikugwira ntchito m'dera limodzi, ndipo pamafunika munthu wodziwa pamene mphamvu ya lina ithera. Mfumu itha kuweruza za malire a minda, koma nkhani yokwatitsa mwana wosakwana zaka 18 ndi mlandu pansi pa lamulo la 2019, ndipo singathere pa mbuzi. Chichewa chija chimene sichinamupatse mwana malikisi pa mayeso olowera, apa ndiye chida chimene anzake a ku Maputo alibe.

Migodi ya malasha yabweretsanso milandu ya mtundu wake. Mabanja mazanamazana anasamutsidwa ku Moatize kupita ku Cateme mu 2009 ndi 2010 kuti kampani ya Vale ikumbe, ndipo mu Januwale 2012 anthuwo anatseka njanji podandaula za nyumba ndi minda imene anapatsidwa. Chaka chomwecho boma linatulutsa Decreto 31/2012 lokhudza kasamutsidwe ka anthu pa ntchito za chuma. Ordem dos Advogados nayo yakhala ikutengera kubwalo milandu ya anthu okhudzidwa ndi migodi m'chigawo chino. Mgodi wa Vale unagulitsidwa ku kampani ya Vulcan mu 2022, koma nkhani za chipukuta misozi, fumbi, madzi ndi makontrakiti a ntchito zikadalipo. Onjezanipo alimi a fodya a ku Angónia ndi Macanga amene amasaina mapangano ndi kampani yogula, ndi Lei do Trabalho yatsopano ya 2023 imene olemba ntchito ndi olembedwa akuiphunzira kumene.

Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti kuchuluka kwa mavuto sikutanthauza kuchuluka kwa ntchito zolipira. Makampani akuluakulu kawirikawiri amapereka milandu yawo ikuluikulu ku maofesi a maloya a ku Maputo, ndipo anthu a ku Cateme alibe ndalama yolipira advogado. Wachinyamata wa kuno amene akufuna kudya kuchokera ku ntchito zimenezi ayenera kudziwa bwino gawo limodzi, kaya la malo, la migodi kapena la ntchito, ndipo Chingerezi chimamuthandiza kwambiri chifukwa eni makampaniwa ambiri amayankhula chimenecho. Ana a m'malire, a ku Calómuè ndi ku Zóbuè, ena ali nacho kale.

Ana a m'malire amenewa ali ndi funso lawolawo. Mabanja ambiri anakhala ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo mpaka lero ena amatumiza ana ku masukulu a ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mwana wotere akafuna kulemba mayeso a yunivesite ya boma kuno, satifiketi yake iyenera kupatsidwa equivalência ndi unduna wa zamaphunziro, ndipo zimenezi zimatenga nthawi, choncho ziyambidwe edital isanatuluke. Akatero akalembabe Português ndi História ya Mozambique mofanana ndi wina aliyense. Ena amaganiza zongokaphunzira zamalamulo ku Zomba, ku University of Malawi, kenako n'kubwera kudzagwira ntchito kwawo. Pa udokotala kapena uinjiniya nzeru zake zimawoloka malire mosavuta, koma malamulo a ku Malawi anachokera ku mwambo wa ku England, wodalira kwambiri zigamulo za oweruza akale, ndipo amaphunzitsidwa m'Chingerezi. Womaliza ku Zomba sanaphunzire Código Civil, sanaphunzire DUAT, ndipo ku Malawi kuli malo amene munthu angakhale nawo ngati ake pomwe kuno malo onse ndi a boma ndipo sagulitsidwa. Banja la m'malire lisankhe msanga dziko limene mwana adzagwire ntchito, makamaka asanamalize pulayimale, chifukwa kusankhako ndi kumene kudzanene chiyankhulo chimene ayenera kuyamba kuwerenga tsiku ndi tsiku.